Nkhope ya a Kangachepe

Mukafika kumsika kwathu n'kufunsa dzina lawo lenileni, mungotopetsa anthu. Ngakhale amene anakhala nawo benchi limodzi kusukulu analiiwala kalekale. Koma tanenani kuti mukufuna a Kangachepe, muone. Wogulitsa makala, wosoka nsapato, ndi uja wometa tsitsi pafupi ndi geti, onse akulozerani njira imodzi, kwinaku akuseka.

Chowawa chake n'chakuti bamboyu sanalandirepo chiphuphu chibadwire. Anagwira umesenjala mu ofesi mpaka imvi, kunyamula mafayilo kuchoka chipinda ichi kupita icho, ndipo tsiku lopuma pantchito anabweza ndi cholembera chomwe, chotha inki. Anzawo ankati ndi ogona. Ndiye munthu wotereyu ndi amene anasanduka nkhope ya mbava zonse za m'tauni muno, ndipo amene anawachita chipongwechi si mdani ayi. Ndi akazi awo a m'nyumba.

Nkhopeyo muidziwe kaye, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Makutu ndi aakulu, otambasuka ngati zogwirira za sefuliya. Mphuno inachita kuphwatalala. Diso lakumanzere limaoneka ngati lili ndi tulo pamene lakumanja lili tcheru, ndipo pakati pa mano akutsogolo pali mpata woti n'kudutsa kamtengo ka machesi. Azakhali awo ankawauza ali mwana kuti ukaipa dziwa nyimbo. Nyimbo zinawakanika, choncho anangosankha kukhala munthu wabwino.

Akazi awo ndi oumba. Kale ankaumba miphika ya maluwa ndi timbale tomwera nkhuku, n'kumagulitsa pa benchi lawo mumsika. Abambo atapuma ntchito anamanga uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi mpanda, ndipo ntchito inagawika bwinobwino: amayi kuumba, abambo kuotcha. Linali banja la phee, loti aneba ankasowa chonena.

Zinayamba ndi madzi. Mpopi wawo unadulidwa molakwika, amayi n'kupita ku ofesi kukadandaula. Anawazunguza tsiku lonse, windo ili, windo ilo, mpaka kalaliki wina anawasuzumira pamwamba pa magalasi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, pepala lanuli lilibe miyendo. Kangachepe chabe, liyenda." Amayi anabwerako atafufuma ngati finye. Sanavule ndi nsapato zomwe. Anatapa dongo limene anakonzera mphika n'kuyamba kulimenya pa thabwa ngati ndilo lawadulira madzi, ndipo pofika madzulo panali kamunthu kokhala pa desiki, dzanja lamanja lagwira chidindo, lamanzere lazembera kumbuyo, chikhatho chili chagada. Kanangosowa mutu.

Abambo anali pa kampando kawo chapafupi, akukonza ambulera.

"Abambo, tadzutsani mutu. Eya, choncho. Musagwedezeke."

Kunena zoona, abambo anakondwa. Chikwatiranire amayi anali asanawayang'anepo nthawi yaitali chotero. Anakweza chibwano, n'kubweza mimba, n'kukhala duu mpaka khosi kuuma.

Kamunthuko katauma anakalowetsa mu uvuni pamodzi ndi miphika. Moto utangogwira bwino kunamveka phuu! ngati tayala la lole. Potsegula anapeza mapale okhaokha. Mphika umakhala wopyapyala ndiye moto umaulowa bwino, koma kamunthu kaja kanali dongo lokhalokha mpaka m'kati, ndipo chinyezi chitasowa potulukira chinakaphulitsa, kupha ndi miphika yosalakwa yomwe. Munthu wochenjera akanamva chenjezo pamenepo n'kungoti basi, zaipa. Koma abambo, ndi kufatsa kwawo kuja, ndi amene anapereka nzeru.

"Amayi, muzikagoba m'kati kakadali kofewa, n'kuboola pansi kuti mpweya uzituluka."

Anadzikumbira okha dzenje. Kuyambira pamenepo linakhala lamulo la panyumbapo. Chidole chilichonse amayi amachigoba ndi supuni yakale, ndipo abambo asanachiike mu uvuni amachinyamula m'dzanja kuti amve kulemera kwake, n'kupisa chala pa bowo. Chikalemera, chibwerere kwa mwini wake. "Mabwana onse amalowa pamoto m'kati muli pululu," amayi ankatero, akunyambita milomo ngati akudya chokoma.

Kamunthu kachiwiri kanapsa bwino, kofiira psuu. Amayi anakaika pa benchi pakati pa miphika, osati kuti agulitse, koma kuti mtima utsike. Dzuwa lisanafike pamutu anthu anali atazinga benchi, akuseka mpaka kugwira nthiti. Mayi wina amene anazunzikapo pa mawindo omwewo anakagula osanenerera. Wina anafunsa dzina lake, amayi n'kuyankha kuti ndi Kangachepe. Mwatsoka, nthawi yomweyo abambo anatulukira atanyamula chakudya cha amayi m'kontena. Msika wonse unayang'ana kamunthu, unayang'ana abambo, unayang'ananso kamunthu. Dzina linamera pomwepo.

Miphika ya maluwa inayamba kuchepa pa benchi. Amayi akakwiya ndi kanthu, kanthuko kankatuluka mu uvuni sabata yotsatira. Anaumba wapolisi wa pamsewu wa thumba lofika mu akakolo. Anaumba wopempha mavoti wa pakamwa pawiri, pena kutsogolo pena kunkhongo. Kunabwera m'busa atakwera pamsana pa nkhosa yowonda, kenako landilodi atasenza chitseko cha wochita lendi m'nyumba yake pamutu. Anthu ankagula n'kumakaika pabalaza, ena kupatsana ngati mphatso pofuna kunena zimene pakamwa pankaopa. Ndipo onsewo, wapolisi, m'busa, landilodi, anali ndi makutu a sefuliya, diso latulo ndi mpata wa mano.

"Amayi, kodi m'dziko muno nkhope ndi yanga yokha?"

"Manja angawa anazolowera, abambo. Ndikati ndiumbe wina, mumatulukabe ndinu. Nditani nanga?"

Abambo anakhulupirira, poti iwo sanama ndiye amayesa aliyense ndi wotero.

Koma anaziona. Akakwera minibasi, kondakitala ankafunsa mokweza kuti, "Abwana, lero mulipira, kapena tikupatseni ndife?" Pa mzere wa kuchipatala amayi ena ankasuntha zikwama. Kutchalitchi anawasankha tsiku lina kuti ayendetse mbale ya chopereka, ndipo agogo ena anawaperekeza ndi maso kuchokera kumbuyo mpaka kuguwa, osaphethira.

Kunabweranso mayi wina wochokera kumzinda waukulu, wa ndolo zofika m'mapewa, amene amasonkhanitsa zaluso n'kumazionetsa m'nyumba ya magalasi okhaokha. Anazungulira zidole zili ndandanda pakhonde, akupukusa mutu. "Taonani diso ili! Dyera lonse la dziko lathu lili m'diso limeneli. Munthu wa nkhope yotere sangakhute, olo mutam'patsa nyanja." Potembenuka anakumana ndi diso lomwelo, litamubweretsera tiyi pa thireyi. Mayiyo anakuwa, tiyi n'kutayika, amayi n'kuseka mpaka kukhala pansi. Abambo anakatenga chokolopera.

Zonsezi ankangomeza. Koma mumtima munali kanthu kamodzi kamene ankakalakalaka usana ndi usiku: kuti tsiku lina amayi awaumbe iwo eni ake, mmene alili, manja onse awiri ali poyera, n'kuwaika pa benchi paja kuti msika wonse uone. Sananene. Mwamuna wa imvi angayambe bwanji kupempha chidole?

Chimene chinawathyola msana ndi alendo. Mwana wawo wamkazi anapeza mnyamata wofuna banja, mnyamatayo n'kubwera ndi amayi ake kudzaona kwawo kwa mtsikana. Abambo anavala jekete la ku ofesi lija, n'kupesa tsitsi. Atangolowa pabalaza, mayi wa mnyamatayo anakumbatira chikwama chake pachifuwa.

"Pepani bambo, koma ine ndimakudziwani. Muli pamwamba pa kabati kwathu. Mwasenza chitseko cha eni."

Onse anafa nako kuseka, ndi mwana wawo yemwe. Abambo anasekako pang'ono, koma tiyi anamusiya m'kapu. Zinawapweteka kwambiri, moti alendo atangopita anakaima pakhomo pa kashedi ka amayi, jekete likadali m'thupi.

"Amayi, nkhope yanga ndalanda. Kuyambira lero chidole cha makutu anga sichilowanso mu uvuni wanga. Ndatopa kuba zinthu zimene sindinazione n'komwe."

Amayi anawayang'ana, manja ali m'dongo. "Mwatsimikiza, abambo?"

"Ndatsimikiza."

"Chabwino. Walira mvula walira matope."

Pofuna kutseka mipata yonse, abambo anasunga ndevu, n'kugula chipewa chofika m'makutu.

Apa ndi pamene bodza la amayi linagwidwa. Mumsika mwathu muli mkulu wa msika, amene amagawa malo ndi mabenchi. Ndi munthu wa khosi la mapindi, wa njerewere pambali pa mphuno, ndipo ali ndi matenda olawa. Amayenda benchi ndi benchi m'mawa kulawa za eni, phwetekere apa, nthochi apo, mpaka jumbo kudzaza. Pa zidole za amayi ndi iyeyu ankaseka kuposa aliyense. Anagula wapolisi uja, anagulanso landilodi, akuti, "Eee, awa ndiye apolisi enieni, mayi mwawatha!" Amayi anapita kukamuyang'anitsitsa m'mawa umodzi wokha, n'kubwera kudzamuumba: jumbo m'manja, phwetekere pansi pa chipewa, nthochi itasuzumira m'thumba. Njerewere inali pamalo pake. Mapindi a khosi anali onse. Ngakhale chidendene cha nsapato chodyeka mbali imodzi chinalipo.

Abambo anachinyamula, n'kupisa chala pa bowo, n'kuchiyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Si munkati manja anu anazolowera?"

"Aphunzira," anatero amayi, osadzutsa mutu.

Abambo sanafune kukumba zambiri. Chimwemwe chinawakwana. Anasankha nkhuni zouma bwino, anaotcha akuimba nyimbo zawo zosokonekera zija, ndipo tsiku lopita nacho kumsika anayenda pambali pa amayi chifuwa chili patsogolo. Anthu anaseka kuposa kale, ndipo kwa nthawi yoyamba palibe anatembenuka kuyang'ana abambo.

Mkulu wa msika anabwera kudzaona chimene chikuseketsa anthu. Sanaseke. Anakhudza njerewere yake, n'kutembenuka. Kutacha, amayi anapeza benchi lawo atalinyamula, ndipo pamalopo panali munthu wogulitsa mabeseni a pulasitiki. Chifukwa chake akuti zinthu za dongo zikasweka zimabaya anthu kumapazi. Malo amenewo amayi anayamba kukhalapo mwana wawo uja ali kumsana. Anapita ku ofesi kukadandaula, ndipo mukudziwa kale zimene anauzidwa za pepala ndi miyendo.

Panyumba panagwa zii. Dongo linauma m'saka. Amayi, amene kale ankalongolola ndi dongo tsiku lonse ngati ndi mnzawo, ankangokhala pakhonde, manja ali pamiyendo. Mu uvuni munayamba kugona mphaka. Abambo nkhope yawo anali atailandadi: kondakitala ankangolandira ndalama osanena kanthu, azimayi a kuchipatala anasiya kusuntha zikwama, ndipo wometa uja anayesa kukumbukira dzina lawo lenileni, n'kutchula la munthu wina. Koma ufuluwo unali wosakoma, ngati ndiwo zopanda mchere. Ankati akayang'ana manja a amayi ali oyera mbee, opanda dongo m'zikhadabo, mtima unkawawawa.

Tsiku lina masana anakhala pambali pawo pakhondepo, n'kuvula chipewa.

"Amayi, munandinamiza."

"Ndinakunamizani, eya. Nkhope za anthu onsewa ndikhoza kuziumba nditatsinzina. Koma mbava ikaona nkhope ya mnzake imaseka, mwinanso kugula. Ikaona yake imaluma. Mwadzionera nokha."

"Ndiye munasankha yanga."

"Ndinasakasaka m'tauni yonse ino nkhope imene mwini wake sangandilande benchi. Ndiponso yoti matope sangaidetse, poti aliyense akudziwa kuti mwini wake anabweza cholembera chotha inki. Mukuyesa amaseka chiyani anthu aja? Ndinapeza imodzi yokha. Inali ikukonza ambulera."

"Nanga bwanji osandipempha?"

"Ndikanapempha mukanavomera, abambo, ndinu otero. Ndiye ine manyazi ndikanawaika pati?"

Abambo anangokanda ndevu zawo zoyabwazo.

Patapita masiku, analowa m'kashedi kukafuna pulayala. Pa shelefu ya pakona panali chinthu chofunditsidwa saka. Anavundukula. Anali iwo. Osati wapolisi, osati landilodi, koma iwo eni ake, atakhala pa kampando, ambulera ili pamiyendo, manja onse awiri ali kutsogolo akulowetsa waya. Makutu anali omwewo, amayi sanachotseko ngakhale pang'ono. Diso latulo linali lomwelo, koma apa linkangooneka diso la munthu wotopa amene akufuna ambulera ya akazi ake isadonthe. Kani masiku onse aja, abambo akapita kogula zinthu, amayi ankanyowetsa kadongo n'kumaumba mobisa.

Mtima unadumpha. Chimene ankachilakalaka chija ndi ichi, chabwera chokha osapempha. M'mutu anali atayamba kale kuthamangitsa mphaka mu uvuni, anali atachiotcha, atachinyamula mpaka pa geti la msika, atachiika pa njerwa kuti aliyense wodutsa aone, makamaka mayi wa kabati uja. Anatambasula dzanja limodzi monga mwa masiku onse kuti achinyamule. Chinakana. Chinali cholemera ngati mwala. Atachipendeketsa kuti apise chala, pansi pake panali posalala, popanda bowo.

"Amayi! Amayi, tabwerani! Simunagobe!"

Amayi anabwera n'kuima pakhomo. "Ndikudziwa."

"Mukudziwa? Chauma kale ichi! Mukachigoba pano chisweka, ndikachiotcha chiphulika. Inu, woumba wamkulu, mpaka kulakwitsa ngati munthu woyamba dzulo? Lamulo la nyumba ino mwaliiwala?"

"Sindinaiwale. Supuni ndinaitenga, ndinachitembenuza, ndinaika supuni pansi pakepo. Mabwana aja ndimawagoba ndikuimba, abambo, mumandimva nokha. Koma apa ndinayang'ana n'kudzifunsa kuti mwa bamboyu ndichotsemo chiyani? Dzanja linakana."

Abambo anatembenukira kumbali. Anati utsi wawalowa m'maso, chonsecho uvuni unali utazizira kalekale, mphaka ali m'tulo m'kati mwake.

Dongo losaotcha silipita kumsika. Kadontho ka mvula kamalisungunula, wina akaligunda ndi chigongono latha. Abambo ankadziwa zimenezi kuposa aliyense, ndipo anadziwa pomwepo kuti msika sudzachiona chidolecho, ngakhale mayi wa kabati, ngakhale kondakitala. Anachinyamula ngati khanda, n'kupita nacho kuchipinda, n'kuchiika pamwamba pa wadirobu, mbali imene denga silidontha.

M'mawa mwake anabwereka lumo n'kumeta ndevu zonse. Chipewa anachikoleka pa msomali. Mphaka anamutulutsa mu uvuni ndi tsache, anathira madzi m'saka la dongo, n'kukakoka kampando kaja mpaka pakhomo pa kashedi. Anakhala, n'kupititsa dzanja lamanzere kumbuyo, chikhatho chili chagada.

"Amayi, umbani munthu wosenza benchi la eni pamutu. Koma makutu muchepetseko."

"Makutu ndiye amagulitsa, abambo. Tadzutsani mutu. Musagwedezeke."

Masiku ano amayi amagulitsira kunja kwa geti, atayala saka pansi, pafupi ndi wometa uja. Mkulu wa msika anadutsa tsiku lina ndi jumbo yake, n'kuona wakuba benchi wa makutu a sefuliya. Anaseka mpaka kutsokomola. "Eee, awa ndiye a ku ofesi enieni, mayi mwawatha!" Anachigula pomwepo. Anawonjezanso kuti mayi waluso chotere sayenera kukhala pafumbi, ndipo malo mumsika akhoza kupezeka, kangachepe chabe. Benchi silinabwerere mpaka lero.

Kondakitala anayambiranso funso lake lija, ndipo a Kangachepe amangoti, "Lero mundipatse ndinu, mwana wanga," minibasi yonse n'kuseka. Ukwati wa mwana wawo unachitika, ndipo kwa asewere awo abambo akadali pamwamba pa kabati, atasenza chitseko.

Tsiku lootcha amanyamula mabwana onse mmodzimmodzi ndi dzanja limodzi, kupisa chala pa bowo, n'kuwandanda mu uvuni. Onse amakhala opepuka. Akatseka ndi njerwa n'kukoleza moto, amasamba m'manja, kupukuta bwinobwino kuti pasatsale chinyezi, n'kulowa kuchipinda kukachotsa fumbi pa chija cha pa wadirobu. Amayi amamva mpando ukukokedwa, koma safunsa. Chimenecho chokha abambo amachinyamula ndi manja awiri.